Mabenchi Ofulatira Msewu

Panali munthu wina womata matayala m'mbali mwa msewu waukulu wolowera m'tauni. Kuseri kwa kashedi kake kunali kamalo kamene kanatsala pomwe ankakulitsa msewu. Anthu ankatayapo zinyalala, ndipo amuna ena, tisawatchule maina, ankapayesa chimbudzi.

Munthuyu zinkamuwawa. Anakapempha kwa akuluakulu a dera kuti apakonze, pakhale popumulira anthu. Anamulola, koma anati, "Mvula ikadzagwa anthu asanayambe kukhalapo, malowo tidzapatsa wogulitsa mchenga amene wakhala akuwapempha."

Anasesa, natentha zinyalala. Anadzala kapinga, ndi maluwa m'matayala akutha, pansi pa mtengo wa kesha umene unalipo kale. Kenako anakhoma mabenchi atatu, nawazika ndi simenti. Onse anawalozetsa ku maluwa, kufulatira msewu. Mumtima ankati, ndani angafune kuyang'ana utsi ndi fumbi maluwa alipo?

Mwezi unatha popanda wokhalapo. Wachiwiri unatha, okhalapo anali abuluzi. Chodabwitsa n'chakuti anthu analipo ambirimbiri. Ankaima padzuwa la Okutobala, pafupi penipeni ndi mabenchiwo, thukuta lili kamukamu, akudikira minibasi.

Munthuyu sanapse mtima, koma nkhaniyi inamudya mutu. Kodi matabwa ndi okakala? Anawapala. Kodi akuopa kulipiritsidwa? Analemba chikwangwani chakuti NDI ZAULERE. Kapena akuganiza kuti anatcherapo mankhwala? Anakhalapo yekha masana onse kuti aone kuti munthu satupa. Ayi ndithu, palibe anasendera. Uku mitambo inayamba kusonkhana, ndipo wamchenga uja anabwera kawiri kudzayeza malowo ndi mapazi.

Tsiku lina panaima mayi wina, dengu la tomato lili pamutu, mwendo umodzi uli wotupa. Womata matayala uja analephera kupirira.

"Mayi, bwanji osakhala apo? Mthunziwu saugulitsa."

"Ndikhale, bambo?" anayankha mayiyo. "Nanga minibasi ndiiona ndi nkhongo? Ikandipitirira, tomatoyu mugula ndinu?"

Apa m'pamene womata matayalayo anatseguka maso. Miyezi iwiri yonse anafunsa matabwa, anafunsa chikwangwani, koma munthu ndi mmodzi yemwe sanamufunse. Paja safunsa anadya phula.

Anayang'ana maluwa ake, amene ankawathirira m'mawa uliwonse ndi madzi otunga kutali. Kutembenuza mabenchi kunali kuvomera kuti anthu azifulatira maluwawo, ndipo zinamupweteka kwambiri. Komabe anatenga chitsulo chake chotsegulira matayala, nagumula simenti imene anaiumba yekha. Mabenchi onse atatu anawalozetsa kumsewu.

M'mawa mwake mabenchi onse anadzaza, panalibe malo okhala. Ena anakhala pakapinga. Wamchenga atabwera kachitatu anasowa poponda, nabwerera.

Patatha sabata mayi uja anabweranso. Anatula dengu, nakhala, nawongola mwendo wake wotupa. Minibasi inaima, kondakitala akukuwa, "Tauni, mayi! Malo alipo!"

Mayiyo anangoikupiza ndi dzanja. "Pitani, ibwera ina." Atatero anacheuka, nafunsa womata matayala uja, "Bambo, duwa likundinunkhirira kumbuyo kunoli, dzina lake n'chiyani?"

Inu amene mumakonzera anzanu zabwino, kenako n'kumadandaula kuti sayamika, munayamba mwaimapo pamene iwo aima? Kaimenipo, muone kumene maso awo akuyang'ana, ndipo mufunse chifukwa chake. Munthu amene akuopa kusiyidwa ndi minibasi sangaone maluwa anu. Muyambe mwamulola aone msewu wake ali chikhalire, kucheuka adzacheuka yekha.