Galimoto ya Tsiku Loipa

"Ababa, bwanji galimoto yathu imangothera pamzikiti?" Farida adafunsa motero ali mwana wa Sitandade 2, bambo ake akupukuta magalasi a galimotoyo. Che Zubair adangomwetulira. "Iyi si yamasanje, mwanangu. Ndi ya tsiku loipa."

Tsiku loipalo ankalidziwa maonekedwe ake. Akazi awo, mayi Subira, anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo kuchokera ku Nkhudzi kukafika kuchipatala chachikulu ku boma ndi mtunda. N'chifukwa chake adagula galimoto ya dizilo yochokera kunja, poti adamva kuti dizilo sifa msanga. Ankaisamala ngati dzira. M'mawa inkawafikitsa kugolosale yawo, Lachisanu kumzikiti, basi. Injini isanatenthe n'komwe, iwo anali atazimitsa kale. Ku boma ankapita pa minibasi kuopa kuitha.

Mnansi wawo, a Petulo, amene adakalambira pa chiwongolero cha malole a nsomba, adawaimika tsiku lina pampanda.

"Che Zubair, mukuipha galimotoyi. Za dizilo zamakonozi zili ndi sefa kuekizozi yogwira mwaye. Mwayewo supsa pokhapokha galimoto ithamange mtunda wautali. Muziitulutsako, ikafike ku boma n'kubwera. Ngati nthawi mulibe, ndipatseni ine."

"Eee, mwafikapo pamene mumafuna!" Che Zubair adaseka. "Nenani chilungamo, achimwene, mukufuna kunyamulira usipa wa alamu. Inunkhe galimoto yanga?"

"Usipa uli ndi njinga yake. Ine ndikunena kanyali kachikasu kochenjeza kayaka pafupi ndi chiwongoleroko."

"Kamayaka n'kuzima. Galimoto yogona pamthunzi ingadwale chiyani?"

Kanyaliko katasiya kuzima, Che Zubair adamatapo kapepala kuti kasamawasowetse mtendere. A Petulo adanenanso kachiwiri, koma atayankhidwa kuti nsanje ndi matenda, adatseka pakamwa. Pakati pawo padatsala moni wapamsewu.

Tsiku loipa lidafika masana dzuwa likuswa mtengo. Mayi Subira adagwa akuyanika zovala, pakamwa patapotoka, dzanja lamanja lili lende. Anthu adawanyamulira m'galimoto, ndipo Che Zubair adaponda mafuta monga anali asanapondepo. Poyamba idathamanga ndithu. Atayandikira Nkopola idayamba kulemera ngati munthu wobanika. Iwo kuponda mpaka pansi, iyo kumangokwawa, anyamata akabaza akuipitirira. Kenaka idatsokomola n'kuzima.

Adaliza, adalizanso, adatsegula boneti n'kungoyang'ana zitsulo zomwe sankazidziwa. Kumbuyo akazi awo ankayesa kuwaitana, dzina osatuluka. Minibasi zinkadutsa zodzaza mpaka pakhomo. Manyazi atawathera, adaimbira foni a Petulo. Pomwe mkuluyo ankafika ndi lole yobwereka, dzuwa linali litapendeka.

Adokotala adati matenda otere amapikisana ndi nthawi, ndipo nthawiyo idatsala pamsewu. Mayi Subira adabwerera kwawo amoyo, koma mbali imodzi itafa, lilime litamangika. Makaniko adapeza sefa itatsekeka ndi mwaye kuti gwa, injini nayo itavulala. Galimoto idakokedwa mpaka pakhomo, ndipo nkhuku zidayamba kuikira pansi pake.

Golosale idayamba kutsegulidwa mwa apo ndi apo. Che Zubair ankakhala pakhonde kumwetsa akazi awo phala ndi kasupuni, theka likubwerera pachitenje. A Petulo adawapeza choncho tsiku lina, nakhala pansi osaitanidwa.

"Achimwene, ndidakunyozani," Che Zubair adayamba, maso ali m'mbale. "Galimoto ija ndinkati ndikuisunga. Mayiwa ndawapundula ndine."

"Matenda sadabwere ndi inu."

"Koma pamsewu paja ndidawaimika ndine."

A Petulo sadatsutse, pakuti bodza silikanachiza kanthu. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo Che Zubair adaumva mwambiwo pamene kumva kunalibenso phindu.

"Masiku a kuchipatala musamavutike n'kufunsa wina," a Petulo adatero podzuka. "Ndikadali moyo, alamuwa ndiziwanyamula ndine."

"Nane ndikulonjeza," adayankha Che Zubair. "Mukadzandiimikanso pampanda, ndidzaima."