Timapazi ta Ndaziona pa Khonde

Ana inu, aphunzitsi adzakuuzani kuti mwambi wa madzi otayika ngwakalekale. Asiyeni, ndi ntchito yawo. Ine amene sukulu idandikana ndisadaikane, ndikuti mwambiwu udabadwira ku Mponela, pakhonde la mayi Nasimango.

Mayi amenewa adali ndi mwana mmodzi yekha, kamtsikana, dzina lake Ndaziona. Tsiku limene amisiri ankaika simenti pakhonde, kamwanako, kakuphunzira kumene kuyenda, kadapulumuka m'manja mwa amake n'kuponda simenti yaiwisi. Amisiri adafuna kusalazapo, koma mayi adaseka nati, "Pasiyeni, adzadzionere yekha akadzakula."

Sadakule. Malungo adamutenga mvula ya chaka chomwecho isadathe.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse akatha kusesa, mayi Nasimango ankathira madzi pang'ono pakona ya khondelo. Timapazi tija tidali tosazama, ndipo pakauma tinkangooneka ngati timaenje. Koma madzi akalowamo, phazi lonse linkatuluka, ndi tizala tomwe, mpaka dzuwa liwamwe madziwo. Chithunzi cha mwanayo adalibe. Chithunzi chake chidali chimenecho.

Ndiye kudabwera mlongo wawo wamng'ono, Gelesomu, kuchokera ku Joni kumene adakhalitsa. Mwana uja sadamuonepo, maliro adangomvera pafoni. Anzake amabwerako ndi galimoto, iye adabwera ndi galayinda, makina a m'manja amagetsi aja okhala ndi mbale yozungulira. Ukaikako mbale yokhakhala amapala simenti, ukaikako yakuthwa amadula njerwa ngati chinangwa. Chilichonse chosasalala chinkamuyabwa m'manja Gelesomu. Achikulire a ming'alu kumapazi akamuona ankabisa zidendene.

Komatu mtima adali nawo wabwino, ndipo pomvetsa chisoni mpamenepa. Mlongo wake adamulandira, namupatsa chipinda osamufunsa kuti zaka zonsezi wabwerako nchiyani. Iye adafuna kuthokoza ndi chimene adali nacho.

Tsiku lina mayi atapita kumapemphero a amayi, Gelesomu adakoka waya kuchokera m'nyumba, nagwada pakhonde. Bambo Kachere oyandikana nawo adasuzumira pampanda.

"A Gelesomu, mwafunsa eni nyumba?"

"Mphatso amafunsira, akuluakulu? Achemwali akabwera azidziyang'anira pansi pano ngati pagalasi."

"Pakona apo mayi amathirapo madzi m'mawa uliwonse. Chifukwa chake sindichidziwa, koma amathira."

"Vuto lake ndi limenelo! Madzi amadikha chifukwa cha maenjewa. Ku Joni mmisiri wosiya zotere amamuthamangitsa tsiku lomwelo."

Bambo Kachere adangoti kaya, nabwerera kunyumba kwawo.

Makina adalira, nkhuku zidabalalika, fumbi lidangoti koboo. Gelesomu adayera ngati wagwera m'chigayo. Pakona paja adakanikiza kwambiri, poti mpamene padali povuta. Ntchito idakoma, ana inu, tisaname. Khonde lotero ku Mponela kudalibe.

Mayi Nasimango atafika adaima pabwalo, nayang'ana khonde lija. Kenaka adalowa m'nyumba, natuluka ndi kapu ya madzi, nathira pakona paja. Madzi adangoyenderera, n'kutsikira padothi.

"Mwaona, achemwali?" adatero Gelesomu, mano onse panja. "Sakudikhanso!"

"Ndaona, achimwene. Pamenepo padali mapazi a Ndaziona."

Gelesomu kuseka kudamuthera. Adayang'ana pakonapo, nayang'ana fumbi lomwe lidali m'manja mwake ndi pamalaya pake.

"Ndibwezeretsa, achemwali. Makinawa amagobanso. Ndiuzeni kukula kwake basi."

Mayi asadayankhe, iye adali ataika kale mbale yodulira. Adadula, nadulanso. Chimene chidatuluka chidali ngati chiboda cha mbuzi.

Mayi adazula waya uja kukhoma, makina n'kukhala chete. Adamupatsa mlongo wawo kapu ija, naloza padothi pamene padanyowa.

"Yambani mwaola madzi awo, mubwezere m'kapumu. Mukatha, mubweze mapazi."

Ndipo bambo wandevu zake adagwadadi, nayamba kukanda dothi ndi zala. Adangotapa matope. Mayi adamudzutsa okha, namupukuta m'manja ndi chitenje chawo. Sadamukalipire, sadamuthamangitse. Iye ankati bola akadamumenya.

Gelesomu akadalipo, ndipo ndi mmisiri wodziwika. Koma asadayatse galayinda pakhomo pa munthu, amaloza kadzenje kalikonse n'kufunsa kuti, "Apa pali nkhani?" Anthu amamuseka. Mayi Nasimango nawonso amasesabe khonde lawo losalala. Masiku ena amaiwala, amatuluka ndi kapu ya madzi, n'kuima nayo pakhomo, kenaka n'kubwerera nayo m'nyumba.

Mpake akuluakulu amati, madzi akatayika saoleka. Tanthauzo lake nlakuti zilipo zinthu zimene zikawonongeka sizibwereranso, ngakhale wowonongayo alire chotani, ngakhale adachita ndi mtima wabwino. Chimene iwe ukuchiona ngati chilema pakhomo pa mnzako, mwina mwini wake ndiye chimene chidamutsalira. Funsa madzi akadali m'kapu.