Nkhoswe Yolawa Mowa wa Kunja

Kunyumba kwa a Hector ku Kabwata, pamwamba pa kabati ya mbale, pali mzere wa mabotolo opanda kanthu. Akazi awo, a Betty, ndiwo amawapukuta fumbi, ndipo sachita zimenezi akuimba nyimbo ayi. Mabotolowo ndi a laga, mowa wa kunja: lina la ku Jeremani, lina la ku Japan, lina la dziko limene m'nyumbamo palibe amatha kulitchula. A Hector sanawolokepo malire a dziko pa Chirundu, koma akagwira botolo amalankhula ngati mchombo wawo unagwera m'fakitale ya mowawo.

Tinene zoona, munthuyu si chidakwa. Ana amawasamala, kuntchito sajomba. Matenda awo ndi amodzi: akalawa uwu, mtima uli pa uwo.

Ndiye Jason, mwana wa mlongo wawo, anapeza mbeta ku Chelstone. Dzina lake Deborah, namwino, wa m'banja la mpingo wa Reformed kumene mowa sudutsa pageti. Jason anapempha amalume akewo kuti akhale nkhoswe, akamulankhulire kwa makolo a mtsikanayo. Anawaonetsa chithunzi pafoni. A Hector anangoponyapo diso limodzi, lina lili pa mpira wa pa TV, nati, “Namuona, mwana wabwino.”

Loweruka la ulendowo a Betty anasita malaya, nakulunga m'chitenje chatsopano mbale zachinkhoswe, zija amaikamo ndalama zofunsira mbeta. Kutembenuka, abambo avala kale jekete.

“Muyenda kuti, atate a Kevin?”

“Nipitila ku Northmead. Nicodemus walandila katundu watsopano. Nifuna nisankheko umodzi wosangalalila tikabwela. Tizakumana pa geti ku Chelstone.”

“Imwe, lelo ni tsiku la Jason. Moba siuthawa, muzaupeza mailo.”

“Kulawa si kumwa, amake Kevin. Nilawa chabe.”

A Betty anangopitiriza kumanga mbale zawo. Mayi amene wachapa kuyambira m'mamawa sakhala ndi mate otsutsana ndi munthu wamkulu wa imvi zake.

Nicodemus ali ndi shopu ya zakumwa, ndipo katundu akafika amaika timatambula ting'onoting'ono patebulo kuti makasitomala ake alawe. Anayamba ndi wa ku Jeremani. A Hector anaukweza kudzuwa, kuununkhiza, kuuyendetsa m'kamwa.

“Uyu ndiye moba. Ununkha monga buledi yochoka manje mu uvuni. Nipakile uyu.”

“Yembekezani, bosi, simunalawe wa ku Czech.”

Wa ku Czech unali ndi thovu lokhuthala ndi kuwawa kokoma kumene kumatsalira kukhosi. A Hector anati wa ku Jeremani uja ndi mwana. Unabwera wa ku Japan, wa mpunga, wopepuka, wochoka palilime msanga ngati mlendo waulemu, ndipo anati amenewu ndiwo woyenera kutentha kwa Okutobala. Wa ku Mexico anawapatsa ndi kachidutswa ka ndimu, iwo n'kuseka okha. Wa ku Namibia anati sangaunyoze, ndi mnansi. Pofika apo anali ataiwala kakomedwe ka woyamba uja, choncho anayambiranso. Katambula kakang'ono, koma nsomba zing'onozing'ono nazo zimadzaza dengu.

“Ba Hector,” anatero Nicodemus mwini wake, “simunakambe kuti muli na pulogalamu ku Chelstone?”

Anatuluka akuthamanga, osagula ngakhale botolo limodzi. Mpaka pamenepo anali asanasankhe.

A Betty anawadikira pageti, mbale zili pamutu. A Hector anatsika takisi akutafuna chingamu ngati mbuzi, nkhope ili ngwee ndi chimwemwe. Mayiwo anangokoka mpweya kamodzi, nadziwa zonse. Koma geti inali itatsegulidwa kale, mlendo sabwerera pakhomo eni ake akumuona.

M'nyumba munadzaza abale. A Betty anakhala pamphasa ndi amayi anzawo, a Hector anapatsidwa kampando kakafupi pakati. Wolankhulira banjalo anali azakhali a Deborah, a Bernadette, mayi wamagalasi amene sasekera zopanda pake. Poyamba zinayenda. A Hector anaomba m'manja, napereka mbale, nanena kuti mwana wawo waona duwa m'munda muno. Mawu anachulukirapo pang'ono, koma anthu anati mwina ndi mmene alili.

“Maluwa pano ni ambili,” anatero a Bernadette. “Mutionetse imene mwabwelela.”

Umenewu ndi mwambo, aliyense amaudziwa. Amatulutsa atsikana angapo, nkhoswe iloze wake, anthu alulutire, nkhani ipitirire. Analowa atatu atavala zitenje zofanana, nagwada maso pansi. A Betty anayamba kuloza ndi mlomo wapakatiyo, amene anali Deborah, mpaka khosi kuwawa. Abambo osayang'anako n'komwe. Anapendeketsa mutu monga anachitira kwa Nicodemus.

“Uyu wa kuno ali bwino, wofatsa. Koma uyu wapakati nayenso, mwamuona? Eeh. Manje uyu wa kothela...” Anaphethira, namwetulira. “Yayi, onse ali bwino. Aliyense ali na kakomedwe kake.”

Wina kukhitchini anagwetsa supuni.

“Ba nkhoswe,” anatero a Bernadette pang'onopang'ono, “sitigulitsa tomato pano. Mwabwelela uti?”

A Hector anaona kuti zathina, natambasula dzanja kuloza wakumapeto. Ameneyo anali Charlotte, mkazi wa mchimwene wake wa Deborah, amene anangomuika pamzerepo kuti anthu aseke. Nthawi yomweyo khanda lake linalira kuchipinda, iye n'kudzuka kukaliyamwitsa. Mwamuna wake anatsokomola chitsokomolo chimene chinamveka mpaka kumsewu. Deborah anaphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka, ndipo mpaka lero sanena ngati ankalira kapena ankaseka.

A Hector anafuna kugwada kuti apepese. Kampando kanapita uko, iwo uko, miyendo m'mwamba, masokosi osiyana mitundu poyera. Pamene amuna awiri ankawadzutsa, mpweya wa maiko onse aja unawafika m'mphuno.

A Bernadette anakankha mbale zija ndi chala, zosatsegula, mpaka pamaondo a a Betty.

“Amai, nyamulani. Ngati malume sadziwa chimene afuna, mwipwa wao Jason adziwa? Mwana wathu si wolawa.”

Mawu amenewo ndiwo anamupweteka Jason atawamva. Mnyamata woti chiyambire sanayang'anepo mtsikana wina, lero akuyesedwa wamaso patali chifukwa cha timatambula ta amalume ake. Deborah anamuletsa kuimba foni mpaka akulu atakonza zinthu. Jason anaonda, khosi la malaya kuchita kulendewera.

Nanga wokonza anali ndani? Yemweyo amene amakonza zonse. A Betty anakwera minibasi kupita ku Chelstone, nkhuku yoyera m'manja, nakagwada kwa a Bernadette. Ulendo woyamba anawasiya panja padzuwa. Wachiwiri anawapatsa madzi. Wachitatu a Bernadette analephera kudzigwira, anavula magalasi n'kuseka mpaka misozi, akuyerekeza mmene miyendo ija inakwerera kudenga. Anavomera kuti mbale zibwerenso, koma ndi nkhoswe ina, ndipo a Hector asaonekere pafupi.

Ukwati unachitika mvula itatha, ku holo ya mpingo. Nkhoswe yatsopano inakhala kutebulo lapamwamba. A Hector anapatsidwa ntchito yolondolera magalimoto panja, ndipo aliyense woimika galimoto ankatsitsa galasi n'kufunsa, “Ba malume, niime apa olo apo? Olo ponse pali bwino?” Iwo ankaseka nawo, nanga akanatani? Mkwatibwi potuluka anaima pamaso pawo, nakweza nsalu yakumaso.

“Amalume, niyang'aneni bwino. Ndine Deborah.”

Anthu anafa nako kuseka. A Hector anavula chipewa, nawerama, nati sadzaiwalanso.

Laga analibe mlandu, anapangidwa bwino kwawoko. Wolakwa ndi munthu wotumidwa chinthu chimodzi amene amafuna kugwira zonse. Akuluakulu anaziona kalekale zimenezi pamene ankati: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.