Bambo Amene Anapita Kukakana

Kunali bambo wina, mmisiri womanga nyumba, amene mwana wake Lonjezo anaphedwa pa ndewu ya ku mpira. Amene anaponya mwala umene unamupha anali mnzake wa m'kalasi, mwana woti ngakhale mawu anali asanayambe kukula. Khoti linagamula kuti akakhale m'ndende zaka zambiri.

Zaka zinapita. Tsiku lina akuluakulu oona za akaidi anaitana bamboyo kuti akamve maganizo ake, chifukwa ankalingalira zotulutsa mkaidiyo nthawi yake isanathe. Ponyamuka anauza mkazi wake kuti, "Ndikukakana. Wathu ali m'manda, wina azikayenda mumsewu?"

Atafika anapeza kuti mwana uja tsopano ndi munthu wamkulu, wandevu, wa manja okhakhala ngati ake omwe. Akuluakulu aja anafotokoza kuti mkaidiyo anamaliza sukulu m'ndende momwemo, anaphunzira kumanga, ndipo anzake akayambana ndiye ankaleretsa. Koma makolo ake anamwalira, abale otsala anamukana, ndipo popanda womulandira sakanatuluka.

Mkaidiyo anagwada nati, "Bambo, zotuluka sindikupempha. Ku khoti ndinanena kuti Lonjezo ndiye anayamba ndewu. Linali bodza, ndinkaopa. Iye ankangotileretsa."

Zaka zonsezo bamboyo ankakhulupirira kuti analera mwana wandewu, ndipo manyazi ake ankawasenza yekha.

Kenaka anati, "Mtima wanga sunapole, ndipo sindikunamizani kuti ndamukhululukira. Koma ntchito ndili nayo, msana wanganso watopa. Mutulutseni. Ndimulandira ine."

Kunyumba sikunali mtendere. Mkazi wake anakhala masabata osamulankhula, ndipo analumbira kuti munthuyo asadzaponde pakhomo pake. Mkaidi uja sanapondepodi. Ankagona m'kachipinda kosungiramo simenti, ndipo m'mawa mmisiri akamafika ankapeza matope ataponda kale. Anthu ena analanda ntchito zawo atamva amene akuwamangira. Ena anaona makoma owongoka nawasiya apitirize ntchito.

Chaka chisanathe, mayi uja anayamba kutumiza chakudya cha anthu awiri kuntchitoko.

Abale anga, mwana akalakwa alangidwe, pakuti magazi a munthu si madzi. Koma amene khoti linamutsekera anali mwana, ndipo amene waima pachipata lero ndi wina amene simunamumvepo akulankhula. Pitani mukamuone musanakane. Ndipo musadikire kuti mtima upole kaye, chifukwa mwina sudzapola msanga. Bambo uja anatsegula chitseko bala likadawawa. Inunso mungathe.