Injini ya Chigayo ndi Nkhope ya Lufeyo

Ana anga, makamaka inu amene mumati mukadziona pagalasi n'kuyamba kukwiyira makolo anu, khalani pansi ndikuuzeni za Lufeyo.

Lufeyo adali woipa nkhope. Sindikumujeda ayi, ndikunena zimene maso adaona. Nthomba idamugwira ali mwana n'kumusiyira zipsera paliponse, mphuno idali yophwatalala, ndipo mano awiri akutsogolo adawasiya kuntchito. Komatu munthu ameneyu adakwatira Nangozo, mkazi amene anyamata onse a m'mudzi wa Kaphirikwete adamulephera. Mwa mwambo wa kumeneko, Lufeyo adakakhala kwawo kwa mkazi ngati mkamwini, ndipo adabereka mwana wamkazi dzina lake Feliya. Amiseche ankangoti, "Nangozo sadakwatiwe ndi munthu, adakwatiwa ndi malipiro."

Lufeyo ankagwira ntchito m'gulu lokonza njanji. Chitsulo cha njanji n'cholemera, ndipo anthu akamachinyamula amayenera kudzuka nacho nthawi imodzi. Wina akachedwa pang'ono, msana kapena chala cha mnzake chimapita. N'chifukwa chake gulu lililonse linkakhala ndi woyambitsa nyimbo, kuti manja onse amvere mawu amodzi. M'gulu lawolo woyambitsa nyimbo adali Lufeyo.

Chaka china kudabwera makina onyamula zitsulo, osafuna nyimbo, osapempha tchuthi. Gulu lonse lidauzidwa kuti ntchito yatha. Lufeyo adabwerera kumudzi atanyamula bulangete ndi chipewa chake basi.

Mwinimbumba wa banjalo adali a Chimbalanga, atsibweni ake a Nangozo, munthu wamalonda, wokonda nthabwala koma wodana ndi manja olendewera. Adamuitana mkamwini wawo nati, "Akamwini, pepani ndi zomwe zakuonekeranizi. Koma pano sitiweta amuna. Tikamadzakolola mukhale mutapeza chochita. Apo ayi, njira ya kwanu sindikhulupirira kuti mudaiiwala."

Lufeyo adamva bwino lomwe. Mkamwini akachotsedwa amapita yekha, mkazi ndi mwana amatsala kwa eni mbumba. Mtima wake udawawa kwambiri, pakuti Nangozo ndi Feliya ndiwo adali chuma chake chonse.

Adayamba ndi tomato, poti aliyense wochotsedwa ntchito amayambira pamenepo. Ankakhala pamsika atatsitsa chipewa mpaka pamphuno, ali duu, kuopa kuti nkhope ithamangitsa ogula. Ogulawo ankamudutsa n'kupita kwa amayi amene ankaitanira malonda mokweza. Tomato sadikira munthu wamanyazi. Sabata isanathe dengu lonse lidali madzi okhaokha, nkhuku za Nangozo n'kuchita phwando.

"Amake Feliya," adatero Lufeyo akutsuka dengulo, "anthu aja ankanena zoona. Ntchito yapita, kwatsala nkhope yokha."

Nangozo adaseka mpaka kutula mtsuko pansi. "Bambo a Feliya, kodi mumayesa kuti ine ndidaona malipiro anu? Tsiku lija ndinkachapa pansi pa mlatho wa njanji, ndidayamba kukumvani ndisanakuoneni. Pomwe ndimadzakuonani n'kuti zinthu zitatha kale. Inu mukugulitsa tomato wa eni ake, katundu wanu mwamutsekera pakhosi."

"Nyimbo amagula ndani?"

"Amene ali ndi chinthu cholemera."

Mawuwo adamulowa Lufeyo. Adayenda m'midzi yoyandikana n'kusonkhanitsa anzake a kunjanji aja, omwe nawonso ankangosewera bawo pansi pa mitengo. Adatema milimo yolimba, napota zingwe, nalengeza pamsika kuti aliyense wokhala ndi katundu wokanika awaitane. Anthu adaseka. "Kunyamula nakonso n'kolipira? Nanga abale tili nawo ngantchito yanji?" Mwezi udatha osaitanidwa ndi munthu, chimanga m'minda chikukhwima.

Tsono a Chimbalanga adali atagula injini ya chigayo kutauni, yoyamba m'dera lonselo. Nyumba ya chigayo adali atamanga kale. Tsiku lomwe lole idabwera nayo, idapeza mlatho wamitengo wa pamtsinje wa Namichimba utakokoloka ndi mvula. Dalaivala adatsitsa injiniyo pamchenga kutsidya, natembenuka n'kumapita. Kumapiri kudali kutada bii, ndipo aliyense ankadziwa kuti mvula ikagwa kumtundako, Namichimba amadzaza mosachenjeza n'kutenga chilichonse chili pamchenga.

A Chimbalanga adaitana adzukulu awo, anyamata amisinkhu, osalala nkhope, odzola mafuta onunkhira. Adaizungulira injiniyo, aliyense akulamula mnzake. Uyu akanyamula, uyo n'kuti akupuma. Uyo akadzuka, uyu watula kale. Injini idangopendekeka n'kukhalanso pansi, itatsala pang'ono kuphwanya phazi la wina. Madzi omwe adali m'akakolo adayamba kufiira n'kufika m'mawondo.

Apo ndi pomwe adatulukira Lufeyo ndi anzake, milimo ili pamapewa.

"Akamwini, mwachita bwino!" adafuula a Chimbalanga. "Gwirani apa msanga!"

Mudziwe, ana anga, kuti thukuta la mkamwini n'laulere. Apongozi akamutuma salipira, ndipo iye safunsa. Lufeyo akadangogwira, akadathokozedwa pakamwa n'kukhalabe munthu wopanda ntchito. Choncho adavula chipewa, nagwada pang'ono mwaulemu, nati, "Apongozi, mkamwini wanu ndamusiya kunyumba, akutsuka dengu la tomato. Amene wabwera panoyu ndi mwini gulu lonyamula katundu, ndipo ameneyu amalipidwa."

Anthu adagwira pakamwa. A Chimbalanga adayang'ana Lufeyo, nayang'ana mtsinje, nayang'ana injini yawo. Kenaka adaphulika kuseka. "Wamalonda amadziwa wamalonda mnzake! Tonde wanga wamkulu uja ngwanu, injiniyi ikangofika youma."

Lufeyo adamanga injiniyo pamilimo, naika anzake kutsogolo ndi kumbuyo, adzukulu aja pakati. Chipewa adachiponya kwa Nangozo, yemwe adaima patsidya atabereka Feliya. Adakweza nkhope ija poyera, nkhope yomwe ankaibisa pamsika, natsegula pakamwa. Mawu adatuluka aakulu, ozuna, moti ngakhale amayi amene ankakuwa poopa madziwo adangoti zii.

"Nkhope yangayi njolemera!"

Anzake adavomera, "Njolemera!"

"Ndaisenza chibadwire!"

"Chibadwire!"

"Nanga injini n'chiyani?"

"Nyamu!"

Pa "nyamu" pomwepo injini idadzuka, onse akuseka. Adalowa m'madzi phazi limodzi, nyimbo ikuwauza popondera. Lufeyo adaimba za mphuno yake, za mano ake otsala kunjanji, za tomato wodyedwa ndi nkhuku. Pakati pa mtsinje madzi adafika m'chiuno ndipo mdzukulu wina adaterereka. Lufeyo sadadule nyimbo, adangoikokera pang'ono mpaka mnyamatayo ataponda bwino, kenaka n'kuibweza pamayendedwe ake. Patsidya mudzi wonse udali ukuvomera n'kuomba m'manja. Atangotula injini pamtunda, chigumula chidafika ndi zitsa ndi nthochi zozuka, n'kukwirira mchenga uja wonse.

Nangozo ndiye adayambitsa nthungululu. Adavina mwana ali kumsana, chipewa cha mwamuna wake chili kumutu, akuloza amiseche aja mmodzimmodzi. "Mwawamva malipiro anga? Ndi amenewotu!"

A Chimbalanga adapukuta misozi ya chimwemwe, nagwira dzanja la Lufeyo pamaso pa anthu onse. "Akamwini, za njira ya kwanu zija muiwale. Nkhope yanu sindinama, njoipa ndithu, ndipo siisintha. Koma lero ndaphunzira kanthu: ukaipa, dziwa nyimbo."

Kuyambira tsikulo gululo lidatchedwa a Nyamu. Ankaitanidwa kukakweza madenga a nkhokwe, kukoka mitengo ya milatho, kuzula malole otitimira m'matope, mpaka kukakweza belu la tchalitchi cha kutsidya. Adzukulu odzola mafuta aja ena adapempha kulowa nawo. Lufeyo sadalembedwenso ntchito ndi munthu, ndipo chipewa chija adasiya kuchitsitsa. Adakalambira pa Kaphirikwete pomwepo, Feliya n'kukula akuvomera nyimbo za bambo ake.

Ndiko kudachokera mwambi uja wakuti, "Ukaipa, dziwa nyimbo." Sukunena za nkhope yokha, ndiponso sukunena kuti nonse mukhale oimba. Ukunena kuti palibe munthu amene adapatsidwa zonse, ndipo palibenso amene adamanidwa zonse. Ngati pali pomwe udaperewera, usathere moyo wako kulira pamenepo. Funafuna chomwe umachitha, uchinole, uchitulutse poyera, ndipo anthu adzaiwala chilema chako poyang'ana luso lako. Ntchito ya kwa eni imatha, monga idathera ya Lufeyo, koma makina aja sadathe kumulanda zomwe zidali pakhosi pake.

Tsono iwe amene wakhala ukumvetsera uku ukusisita mphuno yako, isiye mphunoyo, ilibe mlandu. Dzifunse kuti nyimbo yako ndi iti.