Utsi wa Njinga ya a Mtchona

M'nyumba ya mwana wawo wamkazi, a Mtchona adapatsidwa chipinda chomwe kale chidali chosungiramo katundu. Bedi lidalowa, tebulo lidalowa, koma mabuku awo adatsala m'makatoni, kuyembekeza shelefu yomwe mkamwini ankalonjeza Loweruka lililonse. Dzina la Mtchona sadabadwe nalo. Adawapatsa ndi anthu a mumsewu umenewo atamva kuti mkuluyu adapita kunja mwana wakeyo akukwawa, n'kudzabwera mwanayo ali ndi ana akeake. Mzinda womwe adausiya udali utafa osawatumizira uthenga. Pomwe padali laibulale ankagulitsapo mafoni, mitengo ya mthunzi idasanduka zikwangwani, ndipo anthu ankathamanga ngati kwinakwake akugawa moyo.

Chomwe chinkawadzutsa m'mawa ndi mtima wa munthu chidali ntchito basi. Adaipeza kutsidya kwa mzinda, pa kakampani kosindikiza makadi a ukwati, ndondomeko za maliro ndi timabuku ta mipingo. Iwo ankawerenga zonse zisanalowe m'makina, kusaka zolakwa ngati nsabwe mumsoko. Malipiro ake adali ochititsa manyazi kutchula, koma kumeneko ankawaitana kuti "akuluakulu", ndipo akati apa palakwika, makina ankaima.

Vuto lidali ulendo. Mkamwini ankawatenga pagalimoto, kumpando wakumbuyo pakati pa zikwama za ana, n'kukawatula pakhonde la kampani kusanatsegulidwe, ngati mtolo wa nyuzipepala. Minibasi adaziyesa, maondo adakana.

"Ababa, mwagwira ntchito kokwanira," adatero mwana wawo tsiku lina akupukuta mbale. "Khalani pansi tikusamaleni. Kodi tikukumanani chiyani?"

"Simukundimana kanthu, mwanangu. N'chifukwa chake ndikuwonda."

"Ndiye mukufuna chiyani?"

"Njinga yamoto."

Mbale idatsala pang'ono kugwa. "Pa msinkhu wanuwu? M'misewu yathuyi?"

"Iwe, malemu amayi ako ndinawakopa ndili pa njinga yamoto. Pakanapanda njinga, bwenzi iwe kulibe."

"Apongozi," mkamwini adalowererapo ali maso pa foni, "za masiku ano n'zina."

"Injini ndi injini, bambo. Moto sunasinthe chiyambire."

Adakangana mpaka tiyi adazizira. Potsiriza mwanayo adaponya kansalu patebulo. "Chabwino, gulani. Koma tipangane. Ikadzangokugwetsani, kapena kukusiyani panjira, ntchito yathera pomwepo. Sindikufuna kudzakutolani kuchipatala."

"Ndalumbira," adatero a Mtchona, akudzimenya pachifuwa ngati munthu amene wapambana mlandu.

Wogulitsa adali dokotala wa mano, mayi wa msinkhu wa mwana wawo, yemwe adali atangogula galimoto. Njingayo idaima kuseri kwa chipatala chake, yotuwa, yosakula kwambiri komanso yosachepa, ya mtundu uja wopanda magiya, woika mapazi kutsogolo ngati wakhala pa benchi la m'tchalitchi. A Mtchona adaizungulira, adafinya matayala, adagogoda pathanki ndi chala. Ataliza injini adapendeka mutu n'kutsinzina, monga amachitira munthu wodziwa.

"Yandisunga bwino imeneyi," adatero dokotalayo. "Sindikubisirani kanthu, bambo. Ili ndi kachizolowezi kamodzi. Yakalamba pang'ono, ndiye imamwa oyilo. Pansi pa mpandopa ndaikapo botolo. Mlungu uliwonse muzi..."

"Mwanawe," adamudula a Mtchona akumwetulira, "ine ndinayamba kukwera zimenezi iwe mano ako asanamere, awo ukuzula anzakowo. Za oyilo usandiphunzitse."

"Ayi, ndimangofuna ndikuonetseni pothira..."

"Ndadziwa kale. Uzule mano, ine ndiyendetse njinga."

Dokotalayo adayang'ana wotchi, adayang'ananso imvi zawo. Mkati mudali wodwala atayasama pampando. Ndipo munthu woleredwa bwino sakakamira kuphunzitsa wamkulu amene wanena kawiri kuti akudziwa. Adawapatsa kiyi ndi chisoti, nawafunira ulendo wabwino. A Mtchona adapereka zonse zomwe zidatsala pa thukuta lawo la kunja, osanenerera n'komwe, poti kunenerera ankakuona ngati khalidwe la anthu a masiku ano.

Tsono apa ndi pomwe padagona nkhani. Njinga ya unyamata wawo idali ya mtundu wakale, uja wosakaniza oyilo ndi petulo m'thanki imodzi. Ukathira petulo umathiramo ndi oyilo pang'ono, n'kugwedeza, basi injini yadya ndi kudzola nthawi imodzi. Koma iyi idali ndi mimba ziwiri: petulo kwake, oyilo kwake, kunsi, pa kachitsekero kakuda komwe a Mtchona sadawerame kuti akaone. Choncho akathira petulo, ankafika kunyumba, kutsegula botolo lija, kudonthezera m'thanki, n'kuigwedeza njingayo mwachikondi ngati akutonthoza mwana. Mimba ya oyilo idali kuphwa pang'onopang'ono, iwo ali kudzitama kuti palibe njinga mumzindamo yodyetsedwa bwino ngati yawo.

Masabata amenewo adali okoma, tisaname. Ankanyamuka nthawi yomwe afuna. Ankadutsa pakati pa magalimoto ataima ngati ng'ombe padibi, mphepo ikuwalowa m'jekete, ndipo tsiku lina adadutsa ngakhale galimoto ya mkamwini, naiimbira hutala. Kumbuyo kwawo kunkatsala utsi wobiriwira, ndipo fungo lake ndilo lidawapha. Lidali fungo lenileni la mzinda wakale, la masiku omwe mkazi wawo ankawagwira m'chiuno akukuwa kuti achepetse liwiro. Pa zinthu zonse zomwe adazisaka chibwerere, ichi chokha ndicho chidapezeka chili momwe adachisiyira. Akaima pa maloboti ankakoka mpweya dala.

"Akuluakulu," woyendetsa makina kuntchito adawaseka, "mwabwera pa njinga kapena mukuwotcha makala?"

"Njinga yamoyo imapuma, achimwene. Zanu zosatulutsa utsizi n'zidole."

Kenaka kanyali kofiira kadayamba kuyaka pakati pa mahandulo. Mwana wawo ndiye adakaona, akuwapatsira chisoti pageti.

"Ababa, aka kakutanthauza chiyani? Kajambulidwa ngati kaketulo ka oyilo."

"Kakunama. Oyilo ndimathira ndekha ndi manja angawa."

"Apongozi, Loweruka tikaionetse kwa makaniko," adatero mkamwini.

"Loweruka lanu lija la shelefu?"

Mkamwini adangolowa m'galimoto. A Mtchona adadula kapepala komata, nakaphimba kanyaliko kuti kasamawasokoneze maso, ndipo tsiku limenelo adawonjezera oyilo m'thanki, kuti ngati kakudandaula njala kakhute.

Njingayo idafa Lachitatu m'mawa, pamlatho, pakati pa chipwirikiti. Idayamba ndi kaphokoso ngati sipuni m'chitini chopanda kanthu. Kenaka kugogoda, ngati munthu watsekeredwa mkati. Kenaka zii. A Mtchona adadina batani, adadinanso, injini osatembenuka n'komwe. Mahutala adalira kumbuyo, kondakitala wina adatulutsa mutu pawindo: "Agogo, ikani pamutu!" Kunsi kwa mpando kunkatuluka fungo lina, losakhala la unyamata ayi, fungo la chitsulo chopsa.

Mkwiyo umapatsa mphamvu. Maondo omwe adakana minibasi adakankha njingayo mpaka kuchipatala cha mano. Adalowa thukuta lili kamukamu, chisoti chili kumutu, nayamba kulankhula pamaso pa odwala ogwira masaya.

"Ali kuti dokotala wanuyo? Wandigulitsa mtembo! Kale m'mzinda muno munthu akakugulitsa chinthu amakuyang'ana m'maso. Lero ngakhale ophunzira ndi akuba ovala zoyera!"

Dokotalayo adatuluka, adavula magolovesi mosapupuluma. "Tiyeni panja, bambo."

Adagwada pafumbi ndi chovala chake choyeracho, napotokola kachitsekero kakuda kaja. Kadatuluka ndi kamtengo koyezera, kouma gwa ngati fupa la padzala. Adatsegula mpando, natukula botolo, lili pafupi kutha.

"Oyiloyu wapita kuti?"

"M'thanki. Kwina kuti?"

Mayiyo adatembenukira kumahandulo. Adamatula kapepala kaja pa kanyali, nakayang'ana nthawi yaitali. Akanaseka, bwenzi a Mtchona atapeza pogwira. Munthu wokuseka umatha kumuda. Koma iye adangoika dzanja pa mpando wa njingayo, monga amachitira anthu pa bokosi la maliro.

"Inandipititsa kusukulu imeneyi, mvula ndi dzuwa," adatero motsitsa. "Mawu ake anali ochepa, bambo. Ndimangofuna kunena kuti apa, osati apo."

Pakhomo padali pataima odwala awiri, ataiwala mano awo.  A Mtchona, amene adawerenga mabuku a m'zinenero zitatu, amene ankapeza cholakwa m'tsamba lomwe anthu anayi adaliona kuti lili bwino, adangovula chisoti, nachigwira pamimba.

"Pepa, mwanawe."

"Kuti akuba, ndakhululuka. Mukapume."

Makaniko sadachedwe nayo. Adati injini yapsa yonse mpaka mumtima, ndipo ina njokwera kuposa zomwe a Mtchona akadapeza ngakhale atagulitsa mabuku onse ndi makatoni omwe. Adabwerera kunyumba masana, atakhala kumbuyo kwa kagalimoto konyamula katundu, atagwirizira njinga yawo kuti isagwe. Njira yonse ankakonza bodza. Akadatha kunena kuti adamupusitsa. Mwana wawo akadakhulupirira, mwinanso akadafewa n'kuwalola kubwerera kumpando wakumbuyo uja. Koma atamuona ataima pageti, dzanja lili pakamwa, akuwawerenga miyendo ndi manja ngati zonse zilipo, bodza lidawathawa.

"Sinandigwetse," adatero akutsika. "Yandisiya panjira. Ndaipha ndine."

Adayembekeza kuti akalipa. Adalakalaka kuti akalipe, kuti nawonso akweze mawu, mwina pangano lisweke m'phokosomo. Koma mwanayo adangowalandira chisoti.

"Ndikutenthetsereni madzi, Ababa. Kuntchito ndiimba ndine, musavutike."

"Ayi. Ndinalumbira ndine, ndiimba ndine."

Adaimba. Mwini kampani adadandaula mwaulemu, nati akuluakulu adzasowedwa kwambiri, ndipo mawu ake asanathe kumbuyo kunkamveka makina akugunda, osaimira munthu.

Njingayo ili kuseri kwa nyumba mpaka pano. Pa handulo imodzi amayanikapo chokolopera, pa inayo thumba la zopanira zovala. A Mtchona amadzukabe m'mamawa, poti thupi silimva kuti lachotsedwa ntchito. Amasamba, amapesa imvi, amavala malaya osita, n'kukhala pakhonde kuonerera msewu wonse ukupita kwina. Geti likatsekeka, m'nyumba mumatsala iwo ndi firiji, ndipo pa awiriwo yolankhula ndi firiji. Sadandaula za mzinda masiku ano. Mzindawo udayesa kuwauza chinthu chimodzi mwaulemu kudzera mwa dokotala uja, utawaikira ndi botolo lomwe, iwo n'kuudula pakamwa. Akale sadaname: Ndadziwa-kale adamanga nyumba yopanda khomo.