Mpando Wachiwiri wa Malizani

Kalekale, koma osati kale kwenikweni poti mafoni anali atafika kale m'matumba mwa anthu, pamsika wa Lunzu panali telala wina dzina lake Malizani. Ankakonda masewera a pafoni otchedwa fantasi. Pa masewerawa umasankha osewera enieni a mpira wa ku Ulaya n'kupanga timu yako. Iwo akachita bwino pabwalo, iwe umalandira mapointi, ndipo a kaputeni wako amawirikizidwa. Amalonda a pamsikapo anali ndi ligi yawo, ndipo mphoto yake inali ulendo wa pa basi wokaonera mpira ku Joni, wopambana ndi munthu mmodzi wa kumtima kwake.

Chaka chonse Malizani ankangokwera n'kutsika. Timu ikachita bwino ankapalasa makina akuimba mluzu. Ikagwa, ankalumikiza manja a malaya chozondotsa. Sabata yomaliza inamupeza ali wachiwiri, kumbuyo kwa Kambalame wogulitsa matayala. Ndiye kunabwera uthenga wa maliro a amalume ake ku mapiri a Neno, kovuta netiweki. Ponyamuka anauza anthu atatu odziwa nambala yake yachinsinsi yolowera mu fantasi kuti, "Timu ndaikonza kale. Wina asaikhudze."

Pobwerako anapeza atapambana. Anapezanso kuti timu yopambanayo si imene anaisiya.

Mkazi wake Tinyade anali atalanda ukaputeni kwa katswiri womwetsa zigoli n'kuupereka kwa wotchinga kumbuyo amene chaka chonse sanagwedezepo ukonde. Tsikulo wotchingayo anagoletsa kawiri ndi mutu. "Ndinamulota, bambo a Lonjezo," anatero Tinyade. Koma Malizani ankadziwa kuti mkazi wake sadziwa nkhope ya wosewera aliyense. Anakumbukanso zimene anamuuza tsiku lina chakudya chitazizira patebulo: "Fantasi yanuyi ikadzakugwetsani, mwina mudzakumbuka kuti m'nyumba muno muli anthu."

Mlamu wake Sankhani anali atachotsa goloboyi wodalirika n'kuika wa timu yofooka. Wodalirikayo sanasewere, pomwe wofookayo anagwira penate. "Ndinamva pa wailesi kuti wanu uja wavulala, alamu," anatero Sankhani, maso ali kumbali. Malizani atafufuza anapeza kuti goloboyiyo anapindika bondo mpira uli pafupi kuyamba, pamene Sankhani anasintha timu dzulo lake. Wailesi yanji yolengeza za mawa? Komanso Sankhani anali wachitatu pa ligi. Malizani akanagwa, wokwera anali iye.

Munthu wachitatu wodziwa nambala ija anali Dziwenji, telala mnzake wosoka naye pakhonde limodzi. Iye ataona kuti timu yasokonezedwa, sanabwezere chilichonse. Anangosintha nambala yachinsinsi. Ku Neno, mwambo wa maliro utatha koma mpira usanayambe, Malizani anakwera phiri ndi nsapato zake za kutchalitchi mpaka foni inagwira. Analemba nambala, foni inakana. Analembanso, inakananso. Anatsika akutukwana. Akanalowa, akanabwezera zonse mwakale, ndipo Kambalame akanapambana.

"Aise, ndinatseka kuti anthu asapitirize kukuonongera," anatero Dziwenji.

"Bwanji sunayambe wakonza zoonongekazo?"

"Nthawi inandithera."

"Nanga kunditumizira nambala yatsopanoyo?"

Dziwenji anawerama n'kuyamba kulowetsa ulusi pa singano. Msika wonse unkadziwa kuti iye akufunsira mchemwali wake wa Kambalame.

Malizani anawerengera mapointi mobwerezabwereza. Kuchotsa zigoli za wotchinga uja, sakanapambana. Kuchotsa penate ija, sakanapambana. Dziwenji akanapanda kutseka, iye mwini akanadzigwetsa ndi chala chake. Onse atatu anamupulumutsa, koma Malizani sankakhulupirira kuti panali ngakhale mmodzi amene anafunadi kumupulumutsa.

Tsiku la ulendo litayandikira, Tinyade anachapa chikwama n'kuchiyanika poonekera. "Mukatenga wina, pobwera mukafikire kwa yemweyo," anatero. Sankhani anakabwereka jekete ya kozizira, n'kumauza anthu kuti mlamu wabwino saiwala kumene anakwatira. Dziwenji sanapemphe kanthu. Anangosoka malaya awiri ofanana n'kuwapachika pakhonde, pamene Malizani ankawaona nthawi iliyonse akadzutsa mutu.

Basi sidikira munthu, ndipo mpando wotsala ndi umodzi. Inu mwamva zimene aliyense anachita, zimene ananena, ndi zimene Malizani akuganiza kuti anabisa mumtima. Kodi akhale naye ndani pampandopo, mkazi wa maloto, mlamu wa wailesi, kapena bwenzi lomwe linamutsekera kunja?